Tisanafunse za graphics, tifunse kumene kutentha kuzitulukira

Akonzi,

Tipatseni mpata m'nyuzipepala yanu kuti tilankhule ndi anthu ogula makompyuta, makamaka ophunzira a m'makoleji, ojambula makanema a maukwati, a m'masitudiyo a nyimbo ndi achinyamata okonda magemu. Pali funso limodzi lomwe lazika mizu pa msika: "Ili ndi graphics?" Graphics ndi gawo la kompyuta lojambula zithunzi zimene timaona pa sikirini. Wogulitsa akangoloza sitika yobiriwira ya Nvidia kapena yofiira ya AMD m'munsi mwa kiyibodi, mtengo umakwera pomwepo, wogula n'kupereka ndalama mtima uli mbee. Komatu makina ambiri amene amadzafika pa benchi la mmisiri akuzima okha, akuwotcha ntchafu kapena atachita mizeremizere pa sikirini ndi omwewa: malaputopu opyapyala ndi madesikitopu ang'onoang'ono omwe anapanikizidwamo chip yamphamvu kuposa mmene thupi lake lingathere kuiziziritsa. Chofunika kufunsa n'chakuti chip imeneyo imadya mawati angati, nanga kutentha kwake kuzitulukira pati.

Magetsi onse amene chip yadya amasanduka kutentha. Ya mawati 15 imatulutsa kutentha kwa mawati 15, ya mawati 100 imatulutsa kwa mawati 100. M'laputopu kutentha konseko kumayenera kudutsa m'kapaipi kamkuwa kophwatalala, kukafika pa tizipsepse tachitsulo tomwe tili pakhomo potulukira mpweya, kenako kafani kakang'ono n'kukankhira kunja. Laputopu ikamapyapyala, paipi imapyapyalanso, tizipsepse timafupika, fani imachepa. Chip yokhayo ndi imene sichepetsa njala yake pokhapokha opanga ataimanga, kutanthauza kuichepetsera mawati.

Kompyuta iliyonse ili ndi graphics, kupanda apo bwenzi sikirini ili bii. Kusiyana kwake n'kwakuti mu ina graphics imakhala mkati mwa purosesa momwemo n'kumabwereka RAM ya kompyutayo, pomwe mu ina imakhala chip yapayokha yokhala ndi memori yakeyake. Za mkati mwa purosesa ndi monga Intel UHD 620, Intel Iris Xe, AMD Radeon Vega 8, Radeon 680M ndi 780M. Purosesa ya Intel yomwe nambala yake imathera ndi U, monga i5-8250U, anaipangira mawati 15, graphics yake ili momwemo. Yothera ndi H, monga i7-9750H, ndi ya mawati 45, ndipo kawirikawiri imabwera ndi chip ina ya Nvidia pambali pake yomwe imawonjezera mawati 50, 80, mwinanso kupitirira 100. M'malaputopu ambiri machip awiriwa amagawana mapaipi omwewo, kotero ina ikatentha imatenthetsanso inzake.

Dzina la pa sitika silinena mphamvu ya chip. RTX 4060 ya m'laputopu, Nvidia imalola opanga kuiika paliponse kuyambira mawati 35 mpaka 115. RTX 3060 imayambira pa 60 kufika 115. GeForce MX150, yomwe yadzaza m'malaputopu a kaunjika, inatuluka mitundu iwiri, wa mawati 25 ndi wa mawati 10, koma sitika ndi imodzimodzi. Ndiye malaputopu awiri akhoza kukhala ndi dzina limodzi la graphics pomwe ina ikuthamanga kwambiri kuposa inzake. Yopyapyalayo mwina anaimanga kuti isatenthe, ndiye kuti mwalipira dzina chabe. Kapena sanaimange mokwanira, ndiye kuti izitentha tsiku ndi tsiku. Pa machip a RTX 30 kupita m'tsogolo, tsegulani Nvidia Control Panel, pitani pa System Information, muone mzere wa Maximum Graphics Power. Njira ina yachidule ndi kuwerenga chaja. Chulukitsani mavoti ndi maampu olembedwa pamenepo: 19.5V ndi 3.34A ndi mawati 65, pomwe 19.5V ndi 9.23A ndi mawati 180. Laputopu ya magemu yomwe akukugulitsani ndi chaja ya mawati 65 si chaja yake imeneyo. Ikayamba ntchito yolemera izidzatapa batire ili pamagetsi pomwepo, chajayo izidzatentha koopsa, ndipo malaputopu a Dell akapanda kuizindikira chaja amatsitsa liwiro la purosesa dala.

Tsono nyengo yathu. Opanga ambiri, kuphatikizapo Apple ndi Dell, amalemba kuti malaputopu awo azigwira ntchito pamalo osapitirira madigiri 35. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, ndipo ngakhale ku Lilongwe, Salima, Mangochi kapena Karonga, ofesi ya malata yopanda siling'i imafika pa 35 masana mosavuta. Fani siipanga kuzizira, imangotenga mpweya wa m'chipindamo. Chipinda chikatentha ndi madigiri 10 kuposa kumene makinawo ankagwira ntchito ku Britain, chip nayonso imakwera ndi madigiri pafupifupi 10 pa ntchito yomweyo. Laputopu yomwe kumeneko inkafika pa 85 kuno ifika pa 95 ilibe vuto lililonse. Onjezeranipo fumbi la Ogasiti mpaka mvula yoyamba, komanso zaka zinayi kapena zisanu zomwe makinawo anagwira kale asanakwere sitima kubwera kuno.

Chip ikafika pa malire ake imadziteteza pochepetsa liwiro. Mapurosesa ambiri a Intel malire ake ndi madigiri 100, machip a Nvidia a m'malaputopu amayamba kubwerera m'mbuyo cha m'ma 87. Chizindikiro chake n'chodziwika: mphindi khumi zoyamba zonse zili myaa, kenako gemu imayamba kudukiza, kanema amene mukumutulutsa mu Premiere amayamba kukwawa, fani ikulira mosalekeza. Ambiri amati ndi vairasi, amalipira kuti awaikire Windows ina, mawa lake vuto lili pomwepo. Kutentha kukapitirira pamenepo kompyuta imangozima yokha osatsanzika.

Kuzima kumeneku n'kodziteteza, sikupha makina tsiku limodzi. Chomwe chimapha n'kutentha n'kuzizira, kutentha n'kuzizira, kwa zaka. Zinthu zomwe chip inapangidwa nazo zimafutukuka mosiyana, ndipo timfundo tamtovu tosaoneka ndi maso tomwe timalumikiza chip timayamba kuchita ming'alu. Izi zinachitikapo poyera. Mu 2008 Nvidia inapatula madola 196 miliyoni olipirira machip olephera, ndipo omwe anatchuka kwambiri ndi GeForce 8400M ndi 8600M a m'malaputopu a HP, Dell ndi Apple. MacBook Pro za 2011 za mainchesi 15 ndi 17 zinavutikanso ndi machip a AMD Radeon, mpaka mu February 2015 Apple inatsegula pulogalamu yozikonza ulere, yomwe inatha kalekale. iMac ya 2011 ya mainchesi 27 yokhala ndi Radeon HD 6970M inali ndi nthenda yofanana. Makina amenewa akadali kuyendayenda pa misika ya zinthu zogwiritsidwa kale ntchito, akuwala bwinobwino kunja. Musawagule, ngakhale mtengo utsike bwanji. Ndipo kumbukirani kuti pafupifupi m'laputopu iliyonse chip ya graphics anaiwotcherera pa bodi. Si khadi loti muzula n'kuikapo lina. Ikafa, kawirikawiri bodi yonse yafa nayo.

Ndani amene akufunikadi chip yapayokha? Word, Excel, Sage, QuickBooks, SPSS, Stata, Zoom, intaneti ndi kuonera makanema, zonsezi graphics ya mkati mwa purosesa imakwanitsa popanda kudandaula. A m'masitudiyo a nyimbo atimvetse bwino apa, chifukwa ndi amene amanamizidwa kwambiri: FL Studio ndi Cubase zimadalira purosesa, RAM ndi SSD. Chip ya Nvidia singakuwonjezereni ngakhale pulagini imodzi, ingokubweretserani phokoso la fani lomwe maikolofoni azilitola. CorelDRAW, Photoshop wa maposita ndi makadi a ukwati, AutoCAD ya mapulani wamba ndi QGIS zimayenda bwino pa Iris Xe kapena Vega 8 bola RAM ikhale yokwanira. Amene akufunikadi chip yapayokha ndi ogwiritsa ntchito DaVinci Resolve, Blender, Lumion, odula makanema a 4K tsiku lililonse, ndi osewera magemu atsopano olemera. Amenewa tikuwalangiza molimba mtima kuti asafune kupyapyala. Agule laputopu yonenepa ya mafani awiri, yokhala ndi potulukira mpweya kumbuyo ndi m'mbali, kapena desikitopu ya bokosi lalikulu la mafani a mamilimita 120 ndi power supply (kabokosi kogawa magetsi m'kompyuta) ya mawati 500 kupita m'mwamba.

Musanataye ndalama pa chip ina, yang'anani RAM. Graphics ya mkati mwa purosesa imathamanga molingana ndi RAM, ndipo timitengo tiwiri ta 8GB timapereka njira ziwiri zodutsa deta pomwe kamtengo kamodzi ka 16GB kamapereka njira imodzi. Laputopu ya Ryzen 5 yokhala ndi kamtengo kamodzi, mukaiwonjezera kachiwiri kofanana, magemu monga eFootball ndi GTA V amasintha moonekeratu, kutentha osawonjezekera kwenikweni. Task Manager, pa Performance kenako Memory, imaonetsa mipata ingati yomwe ili ndi RAM.

Palinso kutentha kwina komwe kumadabwitsa anthu: laputopu yakale kuwotcha pongoonera YouTube. Chifukwa chake n'chakuti YouTube imatumiza makanema ambiri mu VP9 ndi AV1, njira zopanikizira kanema kuti achepe, zomwe kompyuta imayenera kumasulira. Mapurosesa a Intel a m'badwo wa 7 kupita m'tsogolo ali ndi kagawo kapadera komasulira VP9 mosavutikira, a m'malaputopu a m'badwo wa 11 kupita m'tsogolo amamasuliranso AV1. Akale alibe, ndiye purosesa imasenza yokha katundu yense. Tsitsani kanemayo pa 720p kapena 480p. Makina azizira, bandulo nayonso ichedwa kutha.

Tibwere ku madesikitopu ang'onoang'ono, a Dell OptiPlex, HP ProDesk ndi EliteDesk, Lenovo ThinkCentre, omwe amabwera ambirimbiri akapuma ntchito m'maofesi akunja. Ndi makina olimba ndithu, ndipo pa ntchito ya mu ofesi, pasukulu kapena pa kauntala timawayamikira. Vuto limayamba munthu akafuna kuwasandutsa a magemu. Power supply yake nthawi zambiri ndi ya mawati 180 mpaka 240, ilibe chingwe cha mapini 6 chodyetsera khadi la graphics, ndipo mapulagi ake ndi a kampani yomweyo basi, kotero simungangogula ina yaikulu pa shopu n'kulowetsa. Mpata wa PCIe pa bodi, polowetsa khadilo, umapereka mawati osapitirira 75, ndipo opanga ena amalemba malire otsikirapo m'buku la makinawo. Tiwerengere limodzi: i5-6500 ndi ya mawati 65, khadi la GTX 1650 kapena GTX 1050 Ti ndi la mawati 75, pamodzi 140. Onjezerani bodi, RAM, disiki ndi mafani, mwayandikira 180. Power supply yokalamba yomwe ikugwira pa malire ake m'chipinda chotentha ndi imene imazimitsa kompyuta gemu ikafika pokoma. Pa mawati 180 khalani pa makhadi a mawati 30 mpaka 55. Ndipo tikupempha kuti pasapezeke woyerekeza kugwiritsa ntchito tizingwe tija tosintha pulagi ya SATA kukhala ya mapini 6. Pulagi ya SATA anaipangira mawati 54 pa mavoti 12, khadi limayembekezera 75, ndiye pulasitiki imasungunuka, nthawi zina mpaka kuyaka.

Posankha khadi, liyenera kukhala la low profile, lalifupi lokwana m'bokosi lopyapyala, ndipo kachitsulo kake kafupi komangira kumbuyo kakhalepo m'bokosi. Tsegulani kompyuta muyeze kaye, chifukwa m'ma OptiPlex ena mpata wautali uja uli moyandikana kwambiri ndi power supply, moti khadi lonenepa silikwana, kapena limakwana koma fani yake imayang'anizana ndi chitsulo popanda kopumira. GT 1030 ya GDDR5 ndi ya mawati 30 ndipo imalowa paliponse. Samalani, pali ina ya DDR4 yokhala ndi dzina lomwelo yomwe ndi yofooka kwambiri. Radeon RX 6400 ndi ya mawati 53, imachita bwino pa magemu koma ilibe gawo lotulutsira makanema, kotero odula mavidiyo siyawo, komanso imatsikako mphamvu pa mabodi akale a PCIe 3.0. RTX 3050 ya 6GB ndi ya mawati 70, ikufuna power supply ya 240 kupita m'mwamba ndi malo a mipata iwiri. GT 710 musaigule pofuna liwiro. Intel HD 630 yomwe ili kale m'mapurosesa a m'badwo wa 7 imaiposa, ntchito yake n'kungowonjezera polumikizira sikirini. Makhadi opanda fani, a zipsepse zokhazokha, amafuna bokosi lodutsa mphepo yambiri, m'kabokosi kothina amangophikika. Ndiponso pali makhadi achinyengo, makamaka olembedwa GTX 1050 Ti pomwe mkati muli chip yakale ya GTS 450. Pulogalamu ya GPU-Z imawagwira ambiri mwa amenewa n'kulemba FAKE kutsogolo kwa dzina.

Timakina tating'onoting'ono kwambiri tija, OptiPlex Micro, ThinkCentre Tiny ndi EliteDesk Mini, tambiri tilibe mpata wa khadi n'komwe. Timayendera purosesa ya mawati 35, yothera ndi T, ndi chaja ngati ya laputopu. Tisiyeni momwemo, musatiike purosesa ya mawati 65 chifukwa choti yakwana pa soketi.

Pogula makina ogwiritsidwa kale ntchito, pitani ndi fulashi yokhala ndi HWiNFO ndi GPU-Z, mapulogalamu oonetsa kutentha ndi zamkati mwa kompyuta, zonse ndi zaulere ndipo zili ndi mitundu yosafuna kuikidwa m'kompyuta. Yatsani, dikirani mphindi zisanu osachita kanthu. Purosesa ikamakhala pa 40 mpaka 55 zili bwino. Ikamakhala pa 70 isanayambe ntchito, mkatimo muli nkhani. Kenako ipatseni ntchito yolemera, gemu kapena kutulutsa kanema, kwa mphindi 20 chaja ili yolumikiza, maso ali pa mzere wa Thermal Throttling mu HWiNFO, womwe umaonetsa ngati chip ikuchepetsa liwiro chifukwa cha kutentha. Ikani dzanja potulukira mpweya. Fani ikamalira kwambiri koma mpweya ukutuluka wochepa, tizipsepse tatsekeka ndi fumbi; limeneli ndi vuto lotchipa. Mpweya ukamatuluka wambiri koma wozizira pomwe chip ili pa 95, ndiye kuti kutentha sikukufika kumene fani ili: thermal paste (phala lopaka pakati pa chip ndi mkuwa) yauma, heatsink (chitsulo chotenga kutentha pa chip) sinakhale bwino, kapena paipi yafa. Mukaona timadontho tamitundumitundu, mizere kapena sikirini kuphethira, bwezani makinawo pomwepo. Tsegulaninso Device Manager, pa Display adapters. Ngati pali sitika ya Nvidia koma chip yake sikuoneka, kapena ili ndi kachizindikiro kachikasu ndi Code 43, n'kutheka kuti inafa ndipo wina anangoibisa. Wogulitsa wokana kuti muyese kwa mphindi 20 wakuuzani kale zonse.

Kutsuka n'kumene kumapulumutsa makina ambiri, koma kukachitika molakwika kumaphanso. Zimitsani kompyuta, chotsani chaja, masulani chivundikiro chapansi ndi sikuludiraiva yoyenera, kawirikawiri PH0, PH00 kapena Torx T5, pomwe MacBook zopyapyala zimafuna P5. Jambulani chithunzi cha chivundikirocho papepala n'kumaika sikuluwu iliyonse pamalo pake, chifukwa sizifanana kutalika, ndipo yaitali ikalowa pa bowo lalifupi imaboola bodi. Chinthu choyamba mukatsegula ndi kuzula pulagi ya batire. Anthu ambiri amawotcha bodi pa sitepe imeneyi, sikuluwu ikagwera pa bodi yamoyo. Gwirani chitsulo china chachikulu kaye kuti magetsi a m'thupi achoke. Fumbi lenileni silikhala pa mapiko a fani, limakhala pakati pa fani ndi tizipsepse, pomwe limaumbana n'kukhala kansalu kokhuthala kotseka njira yonse. Kupopera mpweya kuchokera kunja kumangolikankhira mkati, likakakamira mu fani. Masulani fani, kansaluko mukachotse ndi burashi yofewa, kenako muuzire kuchokera mkati kupita kunja. Pouzira, gwirani fani ndi chala isazungulire. Ikazungulira mopitirira muyeso beringi yake imatha ndipo imayamba kukhuluza. Kompuresa ya matayala ya pa filing'i siteshoni ayi, mphamvu yake ndi yochuluka ndipo imalavula madzi ndi mafuta.

Thermal paste ntchito yake n'kudzaza timaenje tosaoneka pakati pa chip ndi mkuwa, si kuziziritsa payokha, kotero kuchulutsa sikuthandiza. Masulani masikuluwu a heatsink pang'onopang'ono mosinthanasinthana, muinyamule molunjika mutaigwira mbali zonse ziwiri. Osaikoka mbali imodzi. Paipi ija ndi yamphako, mkati mwake muli timadzi tochepa tomwe timasanduka nthunzi pa chip, nthunziyo n'kuthamangira kozizira, kukasandukanso madzi n'kubwerera. Ikapindika kapena kubooka yatha ntchito, ndipo siikonzeka, imangofunika ina. Pukutani paste yakale ndi isopropyl alcohol ya 90 peresenti kupita m'mwamba ndi kansalu kosasiya ulusi. Sipiriti yapepo ija imasiya utoto. Pa purosesa ya desikitopu yokhala ndi chivindikiro chachitsulo, dontho limodzi lalikulu ngati nsawawa pakati ndi lokwanira. M'laputopu chip imakhala yamaliseche, yonyezimira ngati galasi, ndiye pakani mopyapyala mpaka ngodya zonse zinayi, chifukwa ngodya yotsala imatentha payokha. Arctic MX-4 ndi Noctua NT-H1 ndi zodalirika ndipo sizidutsa magetsi. Honeywell PTM7950, yomwe imabwera ngati kapepala n'kumasungunuka chip ikatentha, imakhalitsa kwambiri m'malaputopu otentha chifukwa sithawira m'mbali msanga. Mankhwala otsukira mano ndi girisi wa galimoto, zomwe ena amapaka, si paste. Zimauma kapena kuyenderera m'masiku ochepa. Liquid metal isiyireni odziwa, imadutsa magetsi ndipo imadya aluminiyamu. Pomanga, tsatirani manambala olembedwa pa heatsink, 1, 2, 3, 4, kuzunguliza pang'onopang'ono kawiri kapena katatu, osati kumangitsa imodzi mpaka mapeto inzake ili lende.

Pomwe amisiri ambiri amaphonya ndi pa timapadi tofewa tomwe timakhala pa memori ya graphics ndi pa tizigawo togawa magetsi. Timabwera mokhuthala mosiyana, 0.5, 1.0 kapena 1.5 milimita. Mukaika kokhuthala pamalo pa kopyapyala, heatsink imatukuka pang'ono osakhudzanso chip bwino, ndipo laputopu imatentha kuposa mmene inabwerera, paste ili yatsopano. Mukaika kopyapyala, memori siikhudza chitsulo ndipo imapsa mwakachetechete. Timapadi takale ngati sitinang'ambike tisiyeni. Ngati tang'ambika, yezani kaye musanagule. Mukamaliza kumanga, masulaninso kamodzi muone chidindo cha paste pa mkuwa: chikhale chopyapyala mofanana pena paliponse. Kenako pukutani, pakaninso, mangani komaliza, ndipo musaiwale kubwezera pulagi ya fani. Malo a fumbi, tsukani miyezi 6 iliyonse. Paste, zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse.

Kwa amisiri anzathu tili ndi mawu olemera. Mchitidwe wowotcha chip yakufa ndi hot air n'kumuuza kasitomala kuti yakonzeka uleke. Mtovu wa masiku ano umasungunuka pa madigiri 217, ndipo pofika pamenepo makapasita ndi mapulagi apulasitiki oyandikana nawo amakhala atazunzika kale. Choipitsitsa, mng'alu nthawi zambiri umakhala mkati mwa chip momwemo, osati pa timipira tapansi tolumikiza ku bodi. Kutentha kumangogundanitsa mng'aluwo kwakanthawi. Makinawo amayaka sabata zingapo, mwina miyezi ingapo, kenako amafanso, ena atagulitsidwa kale kwa munthu wosadziwa kanthu. Njira yachilungamo ilipo: m'malaputopu ena, monga ma ThinkPad angapo, BIOS, menyu ya bodi yomwe mumalowamo Windows isanayambe, imalola kuzimitsa chip yapayokha n'kutsala ndi ya mkati mwa purosesa, ndipo MacBook Pro ya 2011 imatheka kuikakamiza kuyendera Intel HD 3000 yokha. Muuzeni mwini wake zoona, kuti makinawo atsala a ntchito zopepuka, mtengo wake ukhalenso wotero. Ogula, mukaona bodi yachita chikasu mozungulira chip kapena pali zomatamata zonunkha flux, mankhwala ogwiritsa ntchito powotcherera, dziwani kuti yadutsa pamoto.

Zina zili m'manja mwa mwini makina, zosalira ndalama. Laputopu zambiri zimakokera mpweya pansi, ndiye matiresi, bulangete ndi pilo zimazitsamwitsa. Ikani pa tebulo kapena pa thabwa, mukweze kumbuyo kwake ndi masentimita awiri. Zitsekerero ziwiri za mabotolo zimakwana. Chitenje chomwe mumafunditsa kompyuta poopa fumbi n'chabwino ikakhala yozima, koma muzichichotsa chonse musanayatse, osangochipinda kutsogolo. Desikitopu isakhale pansi pomwe tsache limadutsa m'mawa uliwonse, isatsekeredwe m'kabati, ndipo kumbuyo kwake kutalikirane ndi khoma masentimita 10 kapena kuposa. Utsi wa mbaula ndi nthunzi ya mafuta ophikira zimapangitsa fumbi kumata, moti burashi yokha siichotsa. Kuika laputopu yotentha mu firiji kapena pa madzi oundana n'kuiphera dala, chifukwa chinyezi chimasanduka madontho pa bodi.

Mu Windows, pitani pa Settings, System, Display, Graphics, muike Chrome, Zoom ndi VLC pa Power saving kuti zisamadzutse chip yaikulu pachabe. Mu Power Options, pa Processor power management, tsitsani Maximum processor state kufika pa 99 peresenti. Pa malaputopu ambiri izi zimazimitsa turbo, liwiro lowonjezera la purosesa, kutentha n'kutsika moonekeratu, pomwe pa ntchito wamba simumva kusiyana. Osewera magemu, ngati sikirini yanu ndi ya 60Hz ikani Max Frame Rate pa 60 mu Nvidia Control Panel, chifukwa zithunzi zopitirira pamenepo sikirini siitha kuzionetsa, zimangosanduka kutentha. Dziwaninso kuti m'malaputopu ambiri a magemu polumikizira HDMI panalunjika ku chip yaikulu, kotero mukalumikiza TV kapena pulojekita chipyo imakhala maso ngakhale mukungoonetsa PowerPoint. Batire nalonso limadana ndi kutentha. Mukaona touchpad yatukuka kapena chivundikiro chapansi chayamba kuyasama, batire latupa: lichotsedwe tsiku lomwelo, osaliboola, osaliponya pamoto. Lenovo Vantage, MyASUS ndi Dell Power Manager zimalola kuti batire lisamadzaze mpaka 100, ndipo kwa amene laputopu yawo imakhalira pa chaja, kuliimitsa cha pa 80 kumalitalikitsira moyo.

Odalira sola awerengerenso izi asanasankhe. Batire la 12V 100Ah la asidi limasunga pafupifupi 1,200Wh, koma loti likhalitse mumangotapa theka, 600Wh. Laputopu ya magemu yomwe ikukoka mawati 200 imaliza zimenezo maola atatu asanakwane, mukachotsera zotayika mu inveta. Laputopu ya graphics ya mkati mwa purosesa yomwe ikukoka mawati 30 idutsa maola 15. Ndipo magetsi akazima, laputopu ya magemu ikatsala pa batire lake lokha imadula mphamvu ya chip ija kwambiri, moti liwiro lomwe munalipira limasowa nthawi yomwe mukulifuna.

Pempho lathu, Akonzi, likupita mbali zitatu. Ogulitsa azilemba pa chikwangwani cha mtengo nambala yonse ya purosesa, dzina lonse la chip ya graphics, mawati ake ndi mawati a chaja yomwe akupereka, ndipo azilola wogula kuyesa makina ali pa ntchito yolemera. Makoleji akamauza ophunzira atsopano kuti abwere ndi laputopu, azitchula zofunika malinga ndi maphunziro ake, chifukwa wophunzira zowerengera ndalama, zamalamulo kapena zaunamwino sakufunika makina ofanana ndi a wophunzira zojambula mapulani a nyumba, ndipo makolo akumwa ngongole kugulira ana sitika. Maofesi aboma ndi mabungwe omwe amagula makompyuta ambiri nthawi imodzi, makamaka opita ku zipatala ndi masukulu a m'chigwa cha Shire ndi m'mphepete mwa nyanja, asankhe a graphics ya mkati mwa purosesa okhala ndi RAM ya timitengo tiwiri ndi SSD, afunse ngati chivundikiro chapansi chimamasuka ndi masikuluwu wamba komanso ngati mafani ake amapezeka, ndipo mu bajeti yomweyo aikemo ndalama yotsukira makinawo kawiri pachaka.

Ife,
Amisiri okonza makompyuta,
Limbe